Chonde cha nkhalango chili m'masamba ogwa

Mlimi akaona mitengo italiitali ya m'nkhalango ya Amazónia ku South America, angaganize kuti nthaka yake ndi yachonde zedi. Koma mbali yaikulu ya nthakayo ndi yosauka, pakuti mvula yambiri inatsuka mchere wa m'nthaka kalekale. Nanga mitengoyo imadya chiyani?

Chakudya chake chili pamwamba penipeni. Masamba ndi nthambi zikagwa, chiswe, tizilombo ndi bowa zimaziwoletsa msanga chifukwa cha kutentha ndi chinyezi. Timizu ting'onoting'ono timayala ngati mphasa pansi pa zinyalalazo, n'kuyamwa mcherewo madzi asanaukokolole.

M'chaka cha 1978, akatswiri awiri, Nellie Stark ndi Carl Jordan, anafalitsa zimene anapeza ku San Carlos de Río Negro m'dziko la Venezuela. Atathira calcium ndi phosphorus pamwamba pa timizu timeneti, mchere woposa magawo 99 pa 100 unagwidwa pomwepo osalowa pansi.

Mizu simagwira yokha ntchitoyi. Ulusi wa bowa umamatirira kumizu n'kuipatsa phosphorus, ndipo mtengo umabwezera shuga. Ubale wotere uliponso m'nkhalango zathu za miombo ku Tete ndi Niassa. N'chifukwa chake miombo ikadulidwa, bowa wambiri wa ndiwo amasowa.

Nkhalango yotere ikaswedwa mphanje n'kutenthedwa, phulusa limadyetsa mbewu zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Kenako munda umaguga, popeza masamba amene ankabwezera chonde kulibenso.