Dima la anthu a m'tauni

Pa chipupa cha sukulu, pa simenti ya mjigo, nthawi zina pa chitseko cha ambulansi, pamapezeka chizindikiro cha gudumu la manomano, pambali pake atalembapo kuti Rotary. Ambiri timachiona, koma ndi ochepa angafotokoze kuti eni gudumulo ndani. Ena amati ndi bungwe la azungu logawa thandizo. Ena amati ndi mabwana okonda kudya m'mahotela. Alipo onong'ona kuti ndi gulu la zachinsinsi, poti anthu ake amavala kabaji pachifuwa. Koma amene anakulira kumudzi sangavutike kuimvetsa nkhaniyi, chifukwa kalabu ya Rotary ndi dima, kungoti lochitikira m'tauni.

Mvula ikagwa mowirikiza, udzu umathamanga kuposa chimanga, munda n'kumukulira mwini wake. Mayi amaphika thobwa kapena kufulula mowa, mwana n'kuyenda khomo ndi khomo: mawa kuli dima kwathu. M'bandakucha anthu afika, aliyense khasu lake paphewa. Palibe wolembedwa ganyu. Agawana mizere, nthabwala zili pakamwa, wotsalira m'mbuyo akumuseka, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo munda wayera. Kenako akhala pamthunzi, chipanda n'kumazungulira. Tsiku lina dima lili kwa wina.

Paul Harris, amene anayambitsa Rotary, anali loya mumzinda wa Chicago ku America, koma anakulira kwa agogo ake m'katauni kakang'ono ka Wallingford ku Vermont, kumene aliyense ankadziwa mnzake. Mumzinda anasowa wocheza naye. Pa 23 February 1905 anakumana ndi anzake atatu, wogulitsa malasha, telala ndi injiniya wa za migodi, n'kugwirizana zomakumana mosinthana, lero ku ofesi ya uyu, ulendo wina kwa uyo. Poyamba zinali zocheza ndi kupatsana makasitomala basi. Ntchito yoyamba yothandiza anthu inadza mu 1907, ndipo siinali yoimbira lipenga ayi: analimbikira kuti mumzindamo mumangidwe zimbudzi za aliyense. Amene anatsekulapo m'mimba ali pa depoti ya mabasi sangaipeputse ntchito imeneyo. Ku Africa kalabu yoyamba inatsegulidwa ku Johannesburg mu 1921. Lero mamembala amaposa miliyoni imodzi padziko lonse, ndipo kuno kwathu makalabu ali ku Blantyre, Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, m'chigawo chimodzi, cha nambala 9210, ndi anzawo a ku Zambia, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique.

Pa dima choyamba ndi khasu. Wobwera chimanjamanja, anthu amadziwa kuti wadzera mowa. Ku Rotary khasu la munthu ndi ntchito imene amagwira tsiku ndi tsiku. Kale lamulo linkati mu kalabu imodzi mukhale munthu mmodzi pa ntchito iliyonse, loya mmodzi, dokotala mmodzi, wogulitsa mankhwala mmodzi. Lamulolo linafewa, koma nzeru yake ikadalipo. Tiyerekeze kuti kalabu yamva zoti pa sukulu ina ana akumwa madzi a pachithaphwi. Injiniya ndiye akaona malo n'kuwerenga makoteshoni a makontrakitala, ndipo iyeyo amamudziwa wobera pa kuya kwa dzenje. Wowerengera ndalama asunga malisiti onse, ngakhale ka lisiti ka misomali. Loya aunika mgwirizano. Wa zamtengatenga abwereketsa lole yotutira mchenga. Wodziwana ndi akukhonsolo aonetsetsa kuti a DC ndi amfumu asadzamvere pa wailesi kuti m'dera lawo mwakumbidwa mjigo. Palibe mmodzi mwa iwo akanaukumba yekha. Ndipo chachilendo kwenikweni m'dziko lino, palibe wosainira alawansi. Mafuta a galimoto aliyense amathira a m'thumba mwake.

Pagona kusiyana ndi apa: pa dima wamba, amene mwamulimira lero adzakulimirani mawa. Munda umene kalabu imalima ndi wa munthu amene sadzabweza, ngati tsiku lija mudzi umanyamuka kukapalira kwa gogo wodwala.

Makalabu ambiri amakumana kamodzi pa sabata, masana kapena poweruka. Pulezidenti, unyolo waudindo uli pakhosi, amagogoda belu, msonkhano wayamba. Alendo amaimirira n'kutchulidwa maina. Mlembi anena zimene zabwera, akomiti afotokoza pamene ntchito yafika. Kawirikawiri pamakhala woitanidwa kudzalankhula kwa mphindi zingapo, mwina namwino wa kuchipatala cha amayi, mwina mphunzitsi wa ana osamva. Ndiye pamaimirira munthu amene ndimamuona ngati msangalatsi wa zonse, wosungitsa mwambo, mbale ya ndalama ili m'manja. Wachedwa, chindapusa. Foni yalira, chindapusa. Waiwala kabaji, chindapusa. Nkhope yako yatuluka m'nyuzipepala, wagula galimoto yatsopano, mwana wako wakhoza mayeso, zonsezo n'zolipira, anthu akufa ndi phwete. Mkulu wa banki amene kuntchito anthu amamuyankha atagwira m'manja kuti "wawa bwana", pano ndi Rotarian uje basi, ndipo amapisa m'thumba mofanana ndi wina aliyense. Ndalamazo zimalowa m'thumba la kalabu.

Pa nkhani ya kudya ndi pamene anthu amadzudzula kwambiri. Amati ndalama za nkhomaliro ya ku hotela bwanji osangogulira madesiki? Funsoli n'lomveka, komabe ine ndili mbali ya mbale. Choyamba, aliyense amalipira chakudya chake, sizichokera ku ndalama za thandizo. Chachiwiri, chotsani thobwa pa dima muone ngati sabata yamawa kubwere munthu. Anthu sapirira zaka makumi awiri pa ntchito yopanda malipiro chifukwa cha chifundo chokha. Chifundo chimatopa. Amabwera chifukwa kumeneko kuli anzawo, amene mkazi wako akagonekedwa m'chipatala amafika, maliro akakugwera amachezera nawe pa siwa. Makomiti angati a chitukuko amene tinawaona akubadwa ndi moto, n'kufa pa msonkhano wachitatu chifukwa anthu ake sankadziwana kunja kwa ajenda? Choopsa n'chakuti thobwa likhoza kutsogola makasu n'kutsala. Kalabu imene mamembala amakumbukira maphwando onse koma sangatchule sukulu imene anapitako chaka chatha, imeneyo yasanduka malo omwera.

Ndalama za ntchito zimachokera kosiyanasiyana: kuyenda ndawala, mpikisano wa gofu, chakudya chamadzulo cholipiritsa, makampani. Ntchito zikuluzikulu zimadalira thumba la Rotary Foundation, limene linayamba mu 1917 ndi madola 26.50 okha ochokera ku kalabu ya Kansas City. Kuti kalabu ya ku Limbe kapena ku Mzuzu itape m'thumba limeneli pa ntchito yoyambira madola 30,000, iyenera kupeza kalabu inzake ya dziko lina yogwirizana nayo. Akunjawo amathandiza kusonkha ndalama, akunowo ndiwo maso ndi miyendo, ndipo malipoti akapanda kulongosoka, ulendo wina chitseko chimatsekeka.

Munda waukulu kuposa yonse ndi wa poliyo. A Rotary anayamba ndi katemera wa ana ku Philippines mu 1979, mu 1985 n'kukhazikitsa ndondomeko ya PolioPlus, ndipo mu 1988 anagwirana manja ndi WHO, UNICEF ndi CDC ya ku America. Nthawi imeneyo matendawa ankapuwalitsa ana pafupifupi 350,000 pachaka m'maiko 125. Mu August 2020 kunalengezedwa kuti Africa yathana ndi kachilombo ka poliyo kachilengedwe. Tisanamalize kuomba m'manja, mu February 2022 kanapezeka mwa kamtsikana ka zaka zitatu ku Lilongwe, ndipo ofufuza anapeza kuti mtundu wake ndi wa ku Pakistan. Mukukumbukira alangizi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo, madontho awiri mkamwa mwa mwana, inki pa kachala. Zina mwa ndalama zolimbana ndi poliyo padziko zimasonkhedwa ndi makalabu amenewa, ndipo pa dola iliyonse yawo Gates Foundation imaonjezera awiri. Anzawo a Lions, amene anayambira ku Chicago komweko mu 1917, anasankha maso, n'chifukwa chake zipatala za maso za ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central zili ndi dzina lawo.

Zolakwika zilipo, sitingazibise. Kwa zaka zoposa 80 gululi linali la amuna okhaokha. Zinachita kutengera chigamulo cha khoti lalikulu la ku America mu 1987, malamulo n'kusintha mu 1989, ndipo mayi woyamba kutsogolera Rotary padziko lonse, Jennifer Jones wa ku Canada, anayamba udindo mu 2022. Kumudzi dima lopanda amayi ndani analionapo? Kwinanso, umembala ndi wodula. Gawo lina la ndalama zapachaka limapita ku likulu ku Evanston m'madola, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mphunzitsi kapena namwino wofuna kulowa anangoona phiri likutalika. Palinso matenda a chithunzi: kudula riboni, kujambulitsa, kukwera galimoto, osabwerakonso. Mjigo umafuna komiti, kathumba kogulira malabala, ndi mmisiri wodziwa kuumasula. Zimenezi zikasowa, chimatsala ndi simenti ndi gudumu lojambulidwa lija, amayi abwerera kudambo. Masiku ano ofuna ndalama za Rotary Foundation amayenera kuyamba afunsa eni dera chimene akusowa, poti kulima munda umene mwini wake sanakulozereni n'kungoononga mbewu.

Kulowa mu Rotary sikovuta monga anthu amaganizira. Membala amakuitanani ngati mlendo, mubwera kangapo, muwaone akuoneni. Mukagwirizana nazo, dzina lanu liperekedwa ku komiti, ndipo tsiku lolandiridwa akubayani kabaji kaja pa jekete. Funso limene amadzifunsa mumtima si lakuti muli ndi ndalama zingati, koma ngati mudzabwere Loweruka lokapenta wodi ya ana. Achinyamata oyambira zaka 18 ali ndi Rotaract, kumene zolipira n'zocheperapo, ndipo ana a sukulu a zaka 12 mpaka 18 ali ndi Interact. Udindo nawo sukhalitsa. Chaka cha Rotary chimayamba pa 1 July, ndipo pulezidenti amalamulira chaka chimodzi. Nthawi ikakwana amavula unyolo n'kuveka mnzake, iye kukakhala pa mpando wamba, ndipo akachedwa msonkhano wotsatira wosungitsa mwambo amamupeza ndi mbale.