Chifukwa Chake ku Makhanga Timakumbukira Helikopita

M'maiko ena, asilikali a m'mlengalenga amakumana pa chikondwerero chokumbukira ndege za jeti zimene ankaulutsa. Ife a ku Makhanga, m'boma la Nsanje, ndege imene sitiiwala ndi helikopita.

Mu Januwale 2015, mitsinje ya Ruo ndi Shire inasefukira n'kudula msewu ndi njanji, dera lathu n'kusanduka chilumba. Pa 13 Januwale, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pangozi. Chakudya, mankhwala ndi madokotala anatipeza pa helikopita.

Nanga bwanji sanatumize jeti? Mapiko a jeti amanyamula ndege pokhapokha itathamanga kwambiri, choncho imafuna bwalo lalitali ndi louma. Mapiko a helikopita amazungulira pamwamba pake, motero imanyamuka ndi kutera molunjika, ngakhale pabwalo la mpira.

Komabe imanyamula anthu ochepa, imadya mafuta ambiri, ndipo kukagwa chimvula imavutika kuuluka. Choncho pamene tikuthokoza Mulungu chifukwa cha oyendetsa aja, tisadikire helikopita. A zanyengo akachenjeza, tisamukire kumtunda madzi asanafike.