FAKITALE YA FATALEZA KU KAFUE: MAKINA AKALE NDI NJIRA ZATSOPANO

Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke pomasula thumba la fataleza wobereketsa, kawirikawiri sadziwa kuti cakudya ca cimanga cakeco cinacokera mu mpweya umene tipuma. Pa magawo 100 a mpweya, 78 ndi nayitrojeni. Nchito yaikulu ndiyo kumgwira ndi kumphatikiza ndi mpweya wina wochedwa hayidrojeni kuti apange amoniya, amene ali mayi wa fataleza wotere.

Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue, imene inamangidwa ndi kampani ya Kobe Steel ya ku Japan, inayamba nchitoyi mu caka ca 1970. Hayidrojeni anali kumcotsa mu malasha a ku Maamba, obwera pa sitima. Zotulukamo zinali kupita kwa alimi ndiponso ku migodi, kokapangira zophulitsira miyala. Koma njira ya malasha idya ndalama zambiri, isiya phulusa ndi utsi, ndipo makina ake akakalamba sacedwa kufa. Patapita zaka cigawo cimeneco cinaima, amoniya nayamba kugulidwa kunja.

Kukonzanso fakitale yotere si kupaka utoto cabe ai. Popanga asidi wa fataleza pamatuluka mpweya wosaoneka wochedwa nitrous oxide, umene utenthetsa dziko kuposa carbon dioxide nthawi zoposa 250. Masiku ano akatswiri aika zosefera zimene ziphwanya gawo lalikulu la mpweyawu usanafike kumwamba. Kutentha kumene kale kunali kungotayika akukolola, naphika nako nthunzi yoyendetsa makina. Fumbi la fataleza nalonso ligwidwa ndi kubwezedwa m'thumba. Cimeneci ncofunika, pakuti fataleza wolowa mu mtsinje wa Kafue anenepetsa udzu woyandama uja umene utsekereza mabwato a asodzi, pamene mlimi anaulipira kale pa mtengo wa thumba.

Ena anena kuti hayidrojeni acotsedwe m'madzi ndi mphamvu ya magetsi, popeza malo opangira magetsi a Kafue Gorge ali pafupi. Nzeruyo njabwino, koma ifuna magetsi oculuka usana ndi usiku. Fakitale ya Sable ku Kwekwe, m'dziko la Zimbabwe, inatsata njirayi zaka zambiri, niisiya mu 2015 cifukwa ca kudula kwa magetsi. Kuno kwathu cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba kotero kuti midzi ndi mafakitale zinakhala mu mdima maola ambiri pa tsiku.