Malo Opanda Kanthu: Kusiyanitsa "Ziro" ndi "Sitidziwa"

Taganizirani mayi wogulitsa kapenta pa msika wa Chisokone ku Kitwe, amene asunga kabuku ka ngongole. Pa dzina lina walembapo K0, pa lina sanalembepo kanthu. Woyambayo anabweza ngongole yonse, koma za waciwiriyo sitidziwa. Mayiyo akasokoneza ziwirizi, ataya ndalama.

Bvuto lomweli lazunguza olemba mapulogilamu a kompyuta kwa zaka zambiri. Mu 1965 Tony Hoare anaika m'cilankhulo ca ALGOL W cizindikiro cochedwa null, coimira cinthu cosowa. Pulogilamu ikagwiritsa nchito null ngati cinthu ceniceni, imaima mwadzidzidzi, ndipo mu 2009 Hoare ananena ku London kuti cizindikiroco cawonongetsa ndalama zosaneneka. Cifukwa cace zilankhulo zina zinapeza njira ina: Haskell ili ndi Maybe, ndipo Java inalandira Optional mu 2014. Njirayi ili ngati bokosi limene lingasunge cinthu ca mtundu uliwonse, kaya dzina, nambala kapena tsiku, ndipo lingakhalenso lopanda kanthu. Lamulo lace ndi lakuti muyambe mwasuzumira m'bokosimo musanatenge kanthu, ndi kuneneratu cocita mukapeza mulibe.

Cinyanja naco cili ndi malo otere. Yerekezani "ndi-na-mu-ona" ndi "ndi-na-ona". Malo a "-mu-" angadzazidwe ndi "-ci-", "-zi-" kapena "-wa-", kapena angasiyidwe, ndipo mneni akhalabe wolondola. Malowo alipo ngakhale palibe cowonekapo.

M'kalasi mwanu nkhaniyi ikhudza mwana mwacindunji. Tinene kuti mwana wapeza 60 ndi 80, koma mayeso acitatu sanalembe cifukwa ca malungo. Mukasiya malo, avereji yace ndi 70. Mukalemba 0, itsika kufika pafupifupi 47, ndipo kholo liwerenga kuti mwana walephera. Ngakhale Excel powerengetsa avereji imalumpha malo opanda kanthu, koma 0 imamuwerengera.

Zocita

1. Lembani aneni asanu pa bolodi, muwadule m'zigawo, ana aloze malo amene angasiyidwe.
2. M'buku la malikisi sankhani cizindikiro cimodzi ca mwana amene sanalembe, ndipo mucifotokoze pa tsamba loyamba.
3. Musanatumize lipoti kwa makolo, pendani 0 aliyense: kodi mwanayo analemba nalephera, kapena sanabwere?