Mpope ndi bwalo kaye, mapuloti pambuyo

Mzinda wa Lilongwe ukukula ngati udzu wa m'dzinja. Kalembera wa 1977 adapeza anthu osakwana 100,000 mumzindawu, koma wa 2018 adapeza 989,318, ndipo lero tidadutsa kale 1 miliyoni. Kulikonse kumene mungaloze, kaya ndi njira ya ku Mchinji, ya ku Salima kapena ya ku Bunda, mupeza mauvuni a njerwa akufuka ndi zikwangwani zoti pano tikugulitsa mapuloti. Funso limene ine ndimafuna kufunsa aliyense wogulitsa malo ndi lakuti: mpope udzadutsa pati, suweji idzalowera kuti, nanga ana adzasewerera pati?

Abale anzanga, mafunso atatuwa amaoneka ngati osiyana, koma yankho lake ndi limodzi. Onse akufuna malo amene sadamangidwepo kanthu. Ndipo malo oterowo akangotha, kuwapezanso n'kovuta komanso kokwera mtengo.

Tiyambe ndi mbiri pang'ono. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, pulani ya mzinda watsopano idajambulidwa cha mu 1968 ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation ndilo lidapatsidwa ntchito yomanga. Likulu lidasamuka mu 1975. Ganizo la nthawi imeneyo lidali loti Lilongwe ukhale mzinda wa m'mitengo. N'chifukwa chake pakati pa Old Town ndi City Centre padasiyidwa nkhalango ya Nature Sanctuary m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo madera ambiri adalekanitsidwa ndi madambo komanso tchire.

Pulani imeneyi idali ndi zofooka zake, tisanamizane. Idataya anthu osauka kutali ndi kuntchito, ndipo mpaka lero munthu wa ku Area 25 kapena Area 23 amathera ndalama zambiri pa minibasi. Koma pa nkhani yosiya malo opanda nyumba, anthu aja adaona patali. Mzinda umafuna popumira monga momwe nyumba imafunira mawindo.

Chomwe chachitika m'zaka zapitazi tonse tikuchiona. Malo amene adasiyidwa dala ayamba kuonedwa ngati malo ongokhala, odikira mwini ndalama. Dambo timalithira dothi n'kumangapo. M'mphepete mwa mtsinje timakumba mchenga ndi kuumba njerwa. Kabwalo kamene anyamata ankamenyerapo chikulunga, tsiku lina mumangodzuka n'kupeza pazungulira mpanda wa malata.

Tsono tione momwe suweji imagwirira ntchito, chifukwa apa mpamene pagona nkhani. Madzi a kumpope amakankhidwa ndi mapampu, amatha kukwera chitunda. Zonyansa za m'suweji kawirikawiri sizitero, zimayenda motsetsereka. Choncho mapaipi akuluakulu a suweji amayenera kutsata zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje mpaka kukafika kumalo oyeretsera, monga aja a ku Kauma. Ndiye kuti munthu akamanga m'dambo kapena m'mphepete mwa Lingadzi, sikuti wangoika banja lake pangozi ya madzi osefukira ayi, watsekanso njira imene paipi ya dera lonse ikadadutsa.

Dambo lomwelo lili ndi ntchito ina. Mvula ikagwa yambiri, limamwa madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Mukaliphimba ndi simenti ndi malata, madziwo amathamangira kumtsinje nthawi imodzi. Amene adali mumzindawu mu February 2017 akukumbukira momwe Lingadzi adasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire, ndipo mu December chaka chomwecho madzi adavutanso m'madera a kummwera kwa mzinda monga Kawale ndi Chipasula. Madzi saiwala njira yawo.

Ndipo m'chilimwe, dambo louma lija ndilo bwalo la mpira, la ntchemberembaye, la fulaye ndi phada. Malo amodzimodzi, ntchito zitatu: kudutsitsa paipi, kusunga madzi a mvula, ndi kusewerapo ana. Tikagulitsa malo amenewa ngati puloti imodzi, timataya zinthu zitatu pa mtengo wa chimodzi.

Ena anena kuti nkhani ya mapaki ndi ya anthu okhuta. Munthu alibe madzi akumwa, inu mukukamba zokakhala pansi pa mtengo? Mawu amenewa ndimawamva, ndipo ali ndi nzeru yake. Koma taonani amene amavutika bwalo likasowa. Wa ku Area 10 kapena Area 43 ali ndi kapinga kuseri kwa nyumba, mwana wake amasewera mkati mwa mpanda. Mwana wa ku Mgona, Chinsapo kapena Mtandire alibe kuseri. Bwalo lake ndi msewu, momwe mukudutsa njinga zamoto za kabaza, kapena m'mbali mwa ngalande ya madzi oipa. Paki ya anthu onse ndi chuma cha wosauka, chifukwa wolemera ali nayo kale yake.

Tili ndi bwalo lalikulu la Bingu National Stadium, limene lidatsekulidwa mu 2017, tilinso ndi Civo ndi Silver. Zonsezi n'zonyaditsa. Koma kumeneko n'kokaonerera, si kosewerera mwana wa zaka zisanu ndi zitatu akaweruka kusukulu. Osewera amene timawaombera m'manja ku Bingu adayambira pa fumbi la kwawo. Fumbilo likatha, tidzawatenga kuti? Bwalo la mpira lokwanira bwino silifika ndi hekitala imodzi yomwe. Kodi dera la mabanja zikwi zingapo lingalephere kusiya hekitala imodzi?

Tibwerere ku madzi. Lilongwe amamwa kuchokera mumtsinje wa Lilongwe, umene umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Madziwo amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la m'ma 1960 ndi lachiwiri la kumapeto kwa ma 1980. Makala atavuta ku Dzalanyama, zidafika poti asilikali adatumizidwa kukalondera nkhalangoyo, ndipo mu 2016 tidalawa kugawana madzi mosinthana masiku. Khoma la damu loyamba lidakwezedwa kuti lizisunga madzi ambiri, ndipo nkhani yokoka madzi kuchokera kunyanja ku Salima takhala tikuimva kwa zaka. Zonsezi n'zofunika. Koma madzi kufika mumzinda ndi nkhani ina, kufika pakhomo ndi inanso.

M'madera amene anthu adayamba kumanga pulani isadafike, nyumba zidathithikana moti mpope ulibe podutsa powongoka. Paipi imakhotakhota m'tinjira, ili pamtunda, ikupondedwa ndi galimoto, ikudumpha ngalande. Mabanja ambiri amagula madzi pa kiyosiki, mayi kulawirira ndi ndowa ndi zigubu kukaima pamzere. Madzi akasiya, amabwerera ku chitsime cha pakhomo. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposerapo. Nanga pa puloti yodulidwa kanayi, yokhala ndi nyumba za lendi zisanu ndi imodzi, mamita 30 muwapeza pati? Chimbudzi chikadzaza, galimoto yopopa ilibe polowera, ndiye ena amangodikira mvula kuti atsekulire m'ngalande. Tisachite manyazi kunena, zimachitika.

Pamene Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza ndalama zokwana 100 miliyoni ya madola mu December 2017 zothandizira ntchito ya madzi ndi ukhondo mu Lilongwe, chiwerengero chimene chinkatchulidwa n'chakuti anthu pafupifupi 5 okha pa 100 alionse mumzindawu ndiwo adali olumikizidwa ku suweji. Ntchitoyo idaphatikizapo kuwonjezera mapaipi a madzi ndi a suweji komanso kukonza malo oyeretsera a ku Kauma. Tiyamike. Komabe suweji imafika mosavuta kumene kuli misewu yowongoka ndi malo osiyidwa, kutanthauza kumadera amene adajambulidwa kale. Kumene kuli anthu ambiri n'kumene kuli kovuta kukumba, chifukwa mita iliyonse ikufuna kugwetsa mpanda kapena khitchini ya munthu, ndi kulipira chipukutamisozi. Ndalama imene ikadagula mapaipi imathera kugula njira.

Ngakhale kumene suweji ilipo, ikapanda kusamalidwa imabweza moto. Anthu a ku Area 18 sadzaiwala July 2017, pomwe zonyansa za m'suweji zidalowa m'mipope ya madzi akumwa, nkhani imene idakathera kukhoti. Zimenezi zimatheka mosavuta: madzi akasiya, paipi yobooka imayamwa chilichonse chimene chili pafupi nayo. Ndiye tikakumbukira kolera wa 2022 mpaka 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno n'kuchedwetsa kutsekulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mu January 2023, tizindikire kuti nkhani ya mapulani a mzinda si ya mainjiniya okha. Imathera kumanda.

Mapulani eniake sitisowa. Mu 2010, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, mzindawu udapeza pulani yoyang'ana mpaka chaka cha 2030. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo atsopano a malo ndi a kajambulidwe ka mizinda ndi midzi. Vuto lathu ndi ndondomeko ya zinthu. Timayamba ndi kugulitsa, kenaka kumanga, kenaka kudandaula, ndipo mpope umabwera pomaliza ngati mlendo wochedwa pamaliro. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Tsono ine pempho langa lili pawiri, kwa akuluakulu ndi kwa ife eni ake.

Kwa khonsolo ya mzinda, unduna wa za malo ndi makhonsolo a maboma ozungulira: kampani iliyonse yodula mapuloti isaloledwe kugulitsa ngakhale imodzi isadaonetse pamapu, komanso pansi ndi zikhomo, pomwe padzadutse msewu, mpope ndi suweji, ndi pomwe padzakhale bwalo, sukulu ndi msika. Ngakhale ndalama yoika paipi lero palibe, njira yake isiyidwe. Kusiya njira sikufuna ngongole ya kunja, kumangofuna kukana. Malo a bwalo akhale ndi chikalata chake m'dzina la anthu a deralo, ndipo mapu ake apachikidwe poyera, pa ofesi ya khansala ngakhale pasukulu, kuti aliyense adziwe kuti apa si pogulitsa. Malo amene anthu sakuwadziwa mwini wake ndiwo amabedwa usiku. Mafumu a m'mphepete mwa mzinda, amene minda ya anthu awo ikusanduka mapuloti, akhale nawo pa zokambirana kuyambira pachiyambi, chifukwa mzinda wa mawa uli m'manja mwawo lero.

Komanso bwalo losiyidwa lisangokhala tchire. Malo opanda ntchito amasanduka kudzala kapena pobisalira akuba, ndiye anthu amayamba kunena kuti bola pamangidwe. Zigoli ziwiri, mitengo ya mthunzi, mabenchi angapo, mpope umodzi ndi chimbudzi chaukhondo n'zokwanira kuti malo akhale ndi eni. Pamene amayi amachitirapo misonkhano ya banki m'khonde, madala akusewerapo bawo, achinyamata akuchitirapo ligi ya m'dera, palibe angabwere ndi malata osafunsidwa.

Kwa ife ogula: tisamangofunsa mtengo ndi kukula kwa puloti. Tifunse kuti madzi a mvula amalowera kuti, paipi yapafupi ili pati, bwalo lili pati. Puloti yotchipa ya m'dambo imadzalipiritsa ndi matenda ndi makoma ogwa. Walira mvula walira matope. Ndipo pomanga mpanda, tisabe mita ya msewu poganiza kuti palibe akuona, chifukwa mita imeneyo ndi imene mpope wathu womwe udzafune.

Makhansala ndi aphungu athu tiziwafunsanso zomwezi. Pa kampeni timamva za milatho ndi misika, koma sindidamvepo kawirikawiri wina akulonjeza kuti bwalo lakuti adzaliteteza kuti lisagulitsidwe. Mwina n'chifukwa choti malo osiyidwa alibe riboni yodula. Koma madera amene akudulidwa lero kunja kwa mzinda ndiwo adzakhale pakati pa Lilongwe zaka makumi awiri zikubwerazi, ndipo ana amene adzabadwire kumeneko adzamwa madzi ndi kusewera pa malo amene ife tasiya chaka chino, kapena adzasowa chifukwa tidagulitsa.