AI ku Senga Bay: phindu lidzapita kwa mwini boti

Anthu akandifunsa ngati makina oganiza otchedwa AI adzalanda ntchito kuno ku Salima, ndimayankha kuti mlovi wa ku Senga Bay asade nkhawa msanga. Kompyuta siingakoke chilimira usiku kapena kuyanika usipa pathandala. Bungwe la IMF linanena mu 2024 kuti m'maiko osauka AI ikhoza kukhudza ntchito 26 pa 100 zilizonse, pomwe m'maiko olemera ndi 60.

Yemwe ndimamudera nkhawa ndi mtsikana wa MSCE woyankha makalata a alendo kapena wolemba maakaunti pamalo ogona alendo. Ntchito zotere ndizo zimakweza mwana wa msodzi kufika pamalipiro a pamwezi, ndipo ndizo AI imagwira mwachangu.

Ubwino ulipo ndithu. Bungwe la Opportunity International linayambitsa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp yoyankha mafunso a alimi m'Chichewa. Koma kuti munthu afunse, pamafunika foni yamakono, bando ndi potchajira. Mwini boti ali nazo zonsezi: adzadziwiratu za mwera, adzawerengetsa bwino mafuta a injini, phindu lake lidzakula. Gawo la alovi lidzakhala lomwe lija.

Salima ili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 kuyambira 2021, komabe ambiri kugombe amalipira kuti atchaje foni pagolosale. Ndikuona kuti makomiti a kugombe akhale ndi foni ya onse, ndipo ana asukulu aphunzire kugwiritsa ntchito AI asanayambe kufunafuna ntchito.