Madzi Osamba Otenthedwa ndi Dzuwa M'makomo a Kunyanja ku Nkhata Bay

Mukatchula mawu akuti sola kwathu ku Chintheche, ku Kande kapena ku Mpamba, aliyense amaganiza za kagalasi kakuda ka padenga kotchajira foni ndi kuyatsira babu usiku. Ndi ochepa amene amadziwa kuti palinso sola wina amene satulutsa magetsi n'komwe, yemwe ntchito yake ndi kutenthetsa madzi basi. M'nkhani ino ndifotokoza mmene chipangizo chimenechi chimagwirira ntchito, ndichiyerekeza ndi chinzake chotchedwa heat pump, kenako ndiona ngati ziwirizi zikuyenera makomo a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay. Maganizo anga ndi akuti dzuwa tili nalo lokwanira. Zimene zimavuta ndi mpope pakhomo komanso njira yosungira kutenthako kufikira m'mawa.

Wina angafunse kuti madzi otentha ndi achiyani kunyanja, kumene anthu amangovula malaya n'kudziponya m'madzi. Wofunsa chotere sanagonepo kwathu mu June kapena July, mwera ukamaomba usiku wonse. Msodzi amene wachezera kupha usipa amafika pagombe akunjenjemera. Khanda silisambitsidwa madzi ozizira, mayi wongobereka kumene amafuna madzi otentha kwa masabata angapo, ndipo agogo sangalowe kubafa popanda kuwafunditsira madzi. Mlendo akagona pakhomo, mawu oyamba aulemu amene amamva m'mawa ndi akuti madzi ali kubafa. Atonga timatchuka ndi ukhondo ndi kutchena, ndipo mbiri imeneyi ili ndi mtengo wake, umene amalipira ndi amayi ndi atsikana otola nkhuni.

Mtengowo tingathe kuuwerengera. Kuti ndowa ya malita 20 ichoke pa madigiri 22 kufika pa madigiri 40, amene ndi oyenera kusamba, pamafunika mphamvu yochepera pang'ono theka la yunitsi imodzi ya magetsi. Ndi mphamvu yochepa ndithu. Koma pa mafuwa atatu moto wambiri umathawira m'mbali, ndipo kutentha kumene kumalowadi mumphika ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 10, kapena kuposera apo pang'ono. Motero ndowa imodziyo imadya pafupifupi kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma. Banja limene limatenthetsa ndowa zitatu patsiku limamaliza nkhuni zokwana tani imodzi pachaka, tisanaphike kondowole, tisanawambe nsomba, tisanawotche njerwa. Ndi chifukwa chake ulendo wa kunkhuni ukunka nutalika chaka ndi chaka. Bungwe la Ripple Africa, limene lili ku Mwaya pafupi ndi Chintheche, lafalitsa mbaula ya njerwa zosawotcha yotchedwa Changu Changu Moto, imene imachepetsa kwambiri nkhuni zophikira. Ndi ntchito yotamandika, komabe mbaulayo imafunabe nkhuni. Madzi osamba ndiwo ntchito imodzi ya pamoto imene dzuwa likhoza kuilanda yonse.

Giza wa sola ali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yokolera dzuwa. Ina imakhala bokosi lafulati lophimbidwa ndi galasi, m'kati mwake muli mapaipi a kopa omatidwa pachitsulo chakuda. Ina imakhala mzere wa machubu agalasi, ndipo iyi ndi imene imaoneka kawirikawiri masiku ano chifukwa imabwera yambiri kuchokera ku China. Chubu chilichonse chili ndi magalasi awiri, lakunja ndi lam'kati, ndipo mpweya wa pakati pake unachotsedwa monga mmene zilili ndi fulasiki ya tiyi, kotero kuti kutentha kukalowa sikutuluka msanga. Mbali yachiwiri ndi thanki yokutidwa bwino, imene imakhala pamwamba pa machubuwo.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi chakuti madzi amayenda okha m'chipangizochi, popanda pampu kapena waya. Madzi akatentha amapepuka ndipo amakwera. Ozizira ndi olemera, amatsika. Tsono dzuwa likaomba machubu, madzi a m'menemo amatentha n'kukwera kulowa m'thanki, ndipo ozizira a pansi pa thanki amatsikira m'machubu kukatenga malo awo. Amazungulira chomwecho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ichi ndi chifukwa chake thanki iyenera kukhala pamwamba. Mukaiika pansi, kuzungulirako kumaima, ndipo pamafunika pampu ya magetsi.

Popeza Malawi ali kummwera kwa mzere wa equator, machubu ayenera kuyang'ana kumpoto. M'miyezi yozizira, imene timafunitsitsa madzi otentha, dzuwa limadutsa cha kumpoto kwathu. Chintheche ali pafupifupi madigiri 12 kummwera kwa mzerewo, choncho machubu safuna kuimikidwa kwambiri. Kupendeka kwa denga wamba la malata kumakwanira. Pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, dzuwa la kuno limathira mphamvu yofanana ndi mayunitsi 5 kapena 6 patsiku, ndipo chipangizo chabwino chimakola pafupifupi theka lake. Machubu a malo owirikiza kawiri pamenepa amatenthetsa thanki ya malita 150 mokwanira banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Adani ake akuluakulu kwathu ndi mthunzi wa mango ndi fumbi.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Clarence Kemp wa ku Baltimore ku America anayamba kugulitsa giza wa dzuwa mu 1891, ndipo mu 1909 William Bailey wa ku California analekanitsa thanki ndi mbali yokolera dzuwa kuti madzi azikhalabe otentha usiku. Dziko la Israel linalamula mu 1980 kuti nyumba zatsopano zizikhala ndi zipangizozi. Eskom ya ku South Africa inayamba kubwezera anthu gawo la ndalama zogulira magiza a sola mu 2008, magetsi atayamba kuperewera kumeneko. Abale athu ambiri a ku Nkhata Bay amene amagwira ntchito ku Johannesburg anawaona ali mbwee pa madenga a tinyumba ta m'malokeshoni.

Amene ali ndi magetsi a ESCOM pakhomo angaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Ikuwakhudza kuposa ena. Giza wa magetsi wa malita 150 amadya mayunitsi pafupifupi 7 kuti madzi achoke pa madigiri 20 kufika pa 60, ndipo akamachita zimenezi tsiku lililonse, pamwezi amapitirira mayunitsi 200. M'nyumba zambiri palibe chipangizo china chimene chimadya chotere. Komanso magetsi athu ambiri amachokera ku mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali kwambiri ndi kuno. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunatenga nthawi yoposa chaka. Giza wa magetsi masiku amenewo anali mgolo chabe wa madzi ozizira.

Nanga heat pump? Njira yosavuta yoimvetsera ndiyo kugwira kumbuyo kwa firiji. Kumakhala kotentha, chifukwa firiji imachotsa kutentha m'kati n'kukutayira kunja. Heat pump ndi firiji yotembenuzidwa: imayamwa kutentha kumene kuli mumpweya wa panja n'kukuthira m'madzi a m'thanki. Magetsi amene imadya ndi oyendetsera kompuresa ndi fani chabe, ndipo pa yunitsi imodzi imapereka kutentha kofanana ndi mayunitsi atatu kapena anayi. Imagwira ntchito usiku ndi tsiku la mitambo lomwe, ndipo imakonda mpweya wofunda, umene kunyanja kuno susowa. Papepala ndi chipangizo choyenera kwathu. Koma magetsi akathima nayo imathima, magetsi akabwera mwamphamvu kompuresa ikhoza kupsa, ndipo woikonza ayenera kukhala mmisiri wa mafiriji wokhala ndi zida zake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti makomo pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengero chinali chotsika kwambiri kuposa apa. Ine ndikuona kuti heat pump ingathandize malo ogona alendo a ku Kande ndi Chintheche, kumene anthu ambiri amasamba m'mawa nthawi imodzi. Khomo wamba siingalithandize pakali pano.

Giza wa sola nayenso ali ndi zokhoma zake, ndipo ogulitsa satchula zonse. Choyamba ndi madzi enieniwo. Chipangizochi chimafuna kuti madzi azifika okha padenga. Amene ali pa mpope wa Northern Region Water Board pa Chintheche angathe, koma khomo limene limatunga pa mjigo kapena kunyanja liyenera kuyamba lamanga nsanja ya thanki ndi kupeza pampu, zimene mtengo wake ukhoza kuposa wa giza. Ndipo madzi akasiya kubwera, machubu opanda madzi amatentha koopsa padzuwa, kotero kuti madzi ozizira akalowamo mwadzidzidzi masana, galasi likhoza kusweka. Thanki yotere iyenera kudzazidwa m'mamawa kapena madzulo. Chachiwiri ndi kulemera. Malita 150 a madzi ndi makilogalamu 150, kuphatikiza thanki ndi zitsulo zake kumafika pafupifupi 200. Madenga athu ambiri anakhomedwa kuti anyamule malata okha, ndipo chiswe chinayamba kale kudya mitengo yake. Ndi bwino kuimika giza pa nsanja yakeyake pambali pa bafa.

Chovuta chachitatu ndi chimene ndikuchiona chachikulu, ndicho nthawi. Dzuwa limatenthetsa madzi masana, pamene ife timawafuna m'bandakucha. Thanki yokutidwa bwino imasunga kutentha usiku wonse, n'kutaya madigiri ochepa chabe. Koma ngati banja lonse lasamba madzulo, madzi ozizira amalowa kudzaza malo, ndipo wosamba m'mawa amapeza ofunda pang'ono. Banja liyenera kugwirizana: ana asambe madzulo, madzi otsala akhale a agogo ndi khanda m'mawa, kapena mpope wolowetsa madzi ozizira utsekedwe mpaka kutacha. Kusintha chizolowezi chotere ndi kovuta kuposa kulumikiza mapaipi. Tisaiwalenso kuti Nkhata Bay ndi boma la mvula yambiri, makamaka mu March ndi April, ndipo cha ku Mpamba mitambo imatha kukhala masiku angapo osachoka. Masiku otere mbaula imabwereranso pantchito. Mu October vuto limatembenuka: madzi amatentha mpaka kutha kuwotcha khungu la mwana, choncho ayenera kusakanizidwa ndi ozizira asanafike kubafa.

Za mtengo sindinena zambiri. Zipangizozi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inakwera nayo limodzi. Amene akuchotsa giza wa magetsi amabweza ndalama zake kudzera m'mayunitsi opulumutsidwa. Mayi wotola nkhuni kuthengo sabweza kanthu m'thumba, chifukwa nthawi yake ndi msana wake palibe amaziika pa mtengo. Ku Usisya, kumene katundu amafika pa sitima ya Ilala kapena pa msewu wotsetsereka wochokera ku Mzuzu, chubu chimodzi chagalasi chikasweka, kupeza china ndi ulendo.

Pa zifukwa zimenezi, makomo ambiri akhoza kuyamba ndi njira yotsika mtengo imene imatsata nzeru yomweyo. Chigubu cha malita 20 chopakidwa penti yakuda, choikidwa pa lata pamalo opanda mphepo n'kuphimbidwa ndi pulasitiki yoonekera, chimafunda mokwanira kusamba pofika cha m'ma 3 koloko masana. Paipi yakuda ya pulasitiki yokulungidwa padenga imachita chimodzimodzi. Kuti kutentha kufike usiku, chigubucho chikulungidwe m'bulangeti lakale kapena chiikidwe m'dengu lodzaza udzu wouma. Pamene pali ndalama pang'ono, pulambala wa pamsika akhoza kulumikiza mgolo ndi mapaipi akuda kuti madzi azizungulira okha monga ndafotokozera.

Njirayi ili ndi phindu lina limene limatikhudza ife a kunyanja. Tizilombo ta likodzo, timene timachokera mu nkhono za m'madzi osaya ndi kulowa pakhungu, timafa madzi akasungidwa masiku awiri, ndipo kutentha kumatipha msanga. Mwana wosamba madzi a m'chigubu chimene chakhala padzuwa masiku awiri ndi wotetezeka kuposa wosamba m'bango. Koma madzi ofunda ndi dzuwa si madzi owiritsa. Kolera amene anavuta boma lino mu 2022 anafala kudzera m'madzi ndi zakudya, ndipo chigubu chakuda sichingalowe m'malo mwa kuwiritsa kapena kuthira klorini. Madzi akumwa akhale ndi ndowa yakeyake yovindikira, ndipo chigubu cha padzuwa chilembedwe chizindikiro kuti ana asamamwemo.